Nambala imene inapha anapiye a mkazi wanga

Mukadzafika ku Area 23 n'kumva amayi pa mpopi akukamba za aphunzitsi ena amene anapha nkhuku ndi masamu, musavutike kufunsa kuti ndi ati. Ndi ine. Amayiwo sakunama ayi, angoifupikitsa nkhaniyo, ndipo poifupikitsa amaseka. Ine ndiifotokoza yonse, mwina mukafika kumapeto kuseka kukhala kutakutherani ngati mmene kunandithera ine.

Ndimaphunzitsa masamu pa kasukulu kena kapulayiveti cha ku Chilinde (dzina ndalisiya dala, ali ndi mavuto awo okwanira). Vuto langa, limene mkazi wanga, mayi a Tadala, amati ndi matenda, n'lakuti sinditha kuona nambala n'kuisiya idutse mwamtendere. Minibasi ikamadutsa, anzanga amayang'ana ngati muli malo, ine ndayamba kale kugawa nambala yake. Kwa ine manambala ali ndi makhalidwe. Pali ofatsa, ogawika pawiri popanda chotsala, amene kusukulu timati iveni. Pali masikweya, obadwa pamene nambala yachulukitsidwa ndi iyo yomwe. Pali ena okongola, oti ukawawerenga chakutsogolo kapena chakumbuyo amatuluka chimodzimodzi. Ndiye pali mafumu anga, mapulayimu, manambala aliuma amene sagawika ndi nambala ina iliyonse kupatula iwo eni ndi wani. Tsiku lina kutchalitchi atatchula nyimbo nambala 211, ndinagunda bambo amene ndinakhala nawo pafupi n'kuwanong'oneza kuti imeneyo ndi pulayimu. Anasamukira benchi lina.

Tsono chaka chatha abale a mayi a Tadala ku Ntcheu anagwirizana zomanga chiliza cha malemu bambo awo. Pa zinthu ngati zimenezi ana amagawana katundu: uyu simenti, uyu ufa, uyu mwala wolembapo dzina. Mchimwene wawo wamkulu, a Lufeyo, ali ndi malole awiri, ndipo salola kuti munthu aiwale zimenezi. Atafika pa mlongo wawo anangoti, "Iwe udzangobwera ndi manja ako, udzatithandize kuphika. Kwanuko tikudziwa mmene kulili." Kwanuko kwakeko ankanena ine.

Mayi a Tadala mtima unawawawa. Pamaso pa abale onse anaimirira n'kulonjeza kuti ndiwo za anthu onse pa tsiku la mwambowo zidzachokera kwa iwo, ndipo zidzakhala nkhuku. Atabwerako anagulitsa makina awo osokera, amene malemu omwewo anawagulira pa ukwati wathu, n'kugula anapiye 100 a nkhuku zachizungu, matumba a chakudya chake ndi mababu awiri aakulu. Anawerengera bwinobwino kuti pofika tsikulo nkhuku zidzakhala zitakwana kupha. Kachipinda kathu kapanja kosungira makala anakasesa, kuthira utuchi pansi, kupachika mababu aja motsika. Anapiye a masiku ochepa alibe make wowafungatira, amadalira kutentha kwa babu, ndipo umenewu unali mwezi wa Juni, mphepo ija yolowa mpaka m'mafupa.

Pa puloti pamene timachita lendi pali mabanja anayi koma mita ya magetsi ndi imodzi. Kabokosi kake kolowetsera manambala kali pabalaza pa eni puloti, mayi Mbewe, pamwamba pa kabati ya mbale zawo za alendo. Mayunitsi timagula mosinthana, sabata ino banja ili, ya mawa linalo. Ukagula umapita kukagogoda kwa mayi Mbewe, kuvula nsapato, kulowetsa manambala 20 aja iwo ataima pambali pako manja ali m'chiuno.

Anapiye asanathe sabata, mayi a Tadala anaitanidwa ku Ntcheu kuti akaone za amisiri omanga chiliza. Ananyamuka Lachinayi, kubwera Lamulungu. Foni yanga inali kwa okonza itagwera mu ndowa, ndiye imodzi yomwe inatsala m'nyumba anapita nayo. Mwana wathu Tadala ali ku sekondale yogonera komweko. Wotsala ndi anapiye ndinali ine.

"Bambo a Tadala, chakudya chili apo, madzi muzisintha," anatero ali pakhomo chikwama chili m'manja. "Koma chachikulu n'chimodzi. Sabata yogula mayunitsi ndi yathu. Magetsi asathe."

"Amayi, ine ndimasunga kalasi yodzaza ana a anthu tsiku lonse. Ndilephere anapiye?"

"Ana a anthuwo sakufa ndi chisanu. Magetsi asathe."

Lachisanu nditaweruka ndinadzera kwa a Gama, amene amagulitsa mayunitsi mu kontena pafupi ndi siteji. A Gama ndi bambo wofatsa, wopemphera tsiku la Sabata, ndipo Lachisanu dzuwa likamapendeka amatseka chilichonse, ndi foni yomwe, mpaka Loweruka dzuwa litalowa. Ndinawapeza akulowetsa kale benchi. Ndinalipira, nambala inafika pa foni pawo, koma kamakina kawo kotulutsa lisiti kanali katatha pepala.

"Nditumize pa foni panu, aphunzitsi?"

"Ili kwa okonza."

"Ndiye dikirani ndisake cholembera, ndikulembereni pa katoni."

Kumbuyo kwanga kunali amayi atatu akudikira, mmodzi mwa iwo kholo la mwana wa m'kalasi mwanga. Sindikudziwa chimene chinandilowa. Kapena ndikudziwa, kungoti n'chochititsa manyazi. Ndinati, "Musavutike, a Gama. Tangondionetsani."

Anandilozetsa foni. Nambala yake inali iyi:

4096 5335 8467 1372 6128

Abale anga, mtima wanga unadumpha. Chinambala chokongola ngati chimenechi sindinachionepo pa lisiti ina iliyonse. Chikuthera pa 8, ndiye ndi iveni. Manambala atatu omaliza, 128, amagawika ndi 8, kutanthauza kuti chonsecho chimagawika ndi 8. Ndinaphatikiza manambala onse 20 aja n'kupeza 90, ndiye chimagawikanso ndi 9. Chogawika ndi 8 komanso ndi 9 chimagawika ndi 72, osasiya kanthu. Ndiye tabwerani ku magulu ake. Loyamba, 4096, ndi sikweya, 64 kuchulukitsa ndi 64. Lachiwiri, 5335, ndi lija lowerengeka chimodzimodzi uku ndi uku. Lachinayi, 1372, ndi 7 kuchulukitsa ndi 7, ndi 7 winanso, kenako ndi 4. Lachitatu lokha ndi limene linandikanika kuliphwanya pompo, ndipo ndinanunkhiza kuti mwina ndi pulayimu. Ndinati ndilitsimikiza m'njira.

Zonsezi ndinazinena mokweza. (Inde, mokweza. Ndinatembenukanso pang'ono kuti amayi aja amve bwino.)

"Aphunzitsi, cholembera chapezeka ichi," anatero a Gama.

"Nambala yoti waidziwa mtundu wake siiwalika, a Gama. Sabata yabwino."

Mayi wa mwana wa m'kalasi mwanga uja anati, "Eee, koma pali anthu mitu!" Mawu amenewo ndinayenda nawo ngati ndavala suti yatsopano.

Nditangokhota kulowa mumsewu wa kwathu ndinaona masamba atayalidwa pamsewu. Maliro. Ndinavula chipewa n'kuyamba kuyenda m'mbali mwachifatse kuti ndidutse, koma bambo wina amene timapemphera limodzi anandigwira mkono. "Aphunzitsi, simunamve? Agogo a panyumba iyi atisiya masanawa." Munthu wakugwira mkono pa siwa, sunganene kuti pepani ndanyamula nambala. Ndinalowa, kupepesa, kukhala pa benchi pakati pa azibambo.

Ndinakhala chete, maso pansi, milomo ikuyenda. Anthu ankaganiza kuti ndikupemphera, mpaka wina anandisisita paphewa. Ine ndinali kubwereza magulu anga asanu. Ndiye m'nyumba muja mayi wina wa kumpingo anakweza mawu kutchula nyimbo: "Nambala 64!" Amayi anaiyamba. Ine ndinamwetulira chamumtima, chifukwa 64 anali kale mnzanga wa m'gulu loyamba lija. Nyimbo ili mkati ndinati tsopano ndiyese gulu lachitatu, 8647, ndione ngati ndi pulayimudi. (Amene muli ndi maso bwererani pamwambapo muone zimene zachitika pakati pa 8 ndi 7. Ine ndinalibe pamwamba pobwerera.)

Ndinaigawa ndi 3, inakana. Ndi 7, inakana. Ndi 11, 13, 17, 19, onse anasiya chotsala. Ndinapitirira mpaka 89, pamene mayeso a nambala yaikulu chonchi amathera, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anailowa. Pulayimu yeniyeni! Ndinatsanzika pa maliro paja ndili wosangalala kuposa mmene munthu ayenera kukhalira pochoka pa maliro.

Pamene ndimafika kunyumba dzuwa linali litalowa, ndipo kabokosi ka mita kanali kakulira kwa nthawi ndithu. Ndikuvula nsapato pakhomo pa mayi Mbewe, magetsi anathima. Ochita lendi anzanga anatuluka m'nyumba zawo n'kubwera kudzaima kumbuyo kwanga, wina atanyamula simbi yositira, wina mwana ali kumsana. Mayi Mbewe anayatsa tochi n'kundipatsa.

"Pepala lili kuti?"

"Lili muno," ndinatero ndikuloza mutu.

"Mayo ine."

Ndinalowetsa manambala mothamanga, zala zikuvina, kuti aone. Mita inalira mosakoma n'kukana. Ndinati chala chaterereka. Ndinabwereza pang'onopang'ono, ndikutchula gulu lililonse ndi khalidwe lake. Inakananso. Ndiye ndinaphatikiza manambala onse mokweza pamaso pawo, ndipo anakwana 90 ndendende.

"Mwaona? Nayinte! Nambalayi njolondola. Yolakwa ndi mita."

"Mita imeneyi yakhala pano zaka, sinakanepo munthu," anatero mayi Mbewe. "Yayambira inu?"

Ndinayamba kukayikira gulu lachiwiri. Kodi linali 5335 kapena 3553? Onse awiri amawerengeka chimodzimodzi uku ndi uku. Ndinayesa 3553. Inakana. Ndinaphatikiza: 90. Ndinaganiza kuti mwina gulu la ma 7 lija linali patsogolo pa la pulayimu, ndiye ndinawasinthanitsa. Inakana. Ndinaphatikiza: 90. Apa ndi pamene thukuta linayamba kutsika kumsana, mu Juni. Ndinakumbukira chinthu chimene ndimaphunzitsa ana a Fomu 1 chaka chilichonse, kuti kuphatikiza sikusamala kuti ndani ali patsogolo ndani ali pambuyo. Manambala onse amene ndinalowetsa aja anali iveni, onse ogawika ndi 8, ndi 9, ndi 72. Ndinali nditanyamula mtundu wonse wa nambala ija, koma mita inkafuna munthu mmodzi yekha wa mu mtundumo.

Gulu lachitatu sindinalikhudze ngakhale kamodzi. Ndikanalikayikira bwanji, nditaligawa ndekha mpaka 89?

Mita inayamba kuchita mwano, ukalowetsa imakhala kaye phee, kukudikiritsa, kenako n'kukana. Mayi Mbewe anandilanda tochi. Anati msuweni wawo wa ku Kawale mita yake inatsekeratu chifukwa cha ana amene ankaiseweretsa chonchi, ndipo anakhala mumdima mpaka anaiwala kuti wailesi imamveka bwanji. Kaya zinali zoona kaya ayi, iwo anazikhulupirira. Bambo wa simbi uja anati tingosonkha tigule mayunitsi ena kwina.

"Palibe nambala ina ilowe muno," anatero mayi Mbewe. "Ibwere ya a Gama, yolemba papepala, ndiione ndi maso anga. Tulukani nonse."

"Amayi, anapiye..."

"Mukanawaganizira pamene mumakana cholembera."

Anakhoma chitseko. Ndinathamangira ku siteji nsapato zosamanga zingwe, n'kupeza kontena ili ndi maloko awiri. Mayi wogulitsa tomato pafupi pake anati a Gama amakhala cha ku Kauma uko, koma nyumba yake palibe ankaidziwa, ndipo ngakhale nditawapeza foni sangayatse mpaka mawa madzulo.

Nditabwerera ndinamva anapiye ndisanafike n'komwe pa kachipinda kaja. Sikunali kulira kwawo kwa masiku onse kofuna chakudya. Kunali kulira kokuwa, kosalekeza. Nditayatsa kandulo ndinawaona ataunjikana pakona, akukwerana, aliyense akufuna kulowa pansi pa mnzake. Mantha anandigwira kwambiri. Ndinaona nkhope ya mayi a Tadala, ndinaonanso ya a Lufeyo.

Ndiye ndinapeza nzeru yachiwiri. Makala analipo thumba lonse. Ndinakoleza mbaula, kuidzaza mpaka pamwamba, kuiika pakati pa chipinda pa njerwa. Posakhalitsa anapiye anamwazikana n'kuizungulira, kulira kunachepa. Ndinati eya, zatheka. Koma ndinaona kuti mphepo ikulowabe pa kawindo, ndipo munthu wamasamu sakonda kutaya kanthu. Ndinatseka kawindo ndi masaka, kutsekanso mabowo a pamwamba pa khoma ndi nsanza, kuwonjezera makala ena kuti afike m'mawa. Nditatuluka ndinakoka chitseko n'kutseka mpata wa pansi pake ndi bulangete lakale. Ndinakagona ndikudziuza kuti mayi a Tadala sadzadziwa n'komwe kuti magetsi anathimapo.

M'mawa chimene chinandidzutsa chinali chete. Masiku onse anapiye ankayamba phokoso kusanache. Ndinatuluka osavala malaya, kuchotsa bulangete, kukankha chitseko. Mpweya umene unatulukamo unandimenya m'mutu mpaka ndinagwira khoma. Nditayang'ana pansi, utuchi wonse unali wachikasu. Anagona mozungulira mbaula ija, timiyendo titawongoka, timaso titatsinzina. Ena ochepa anali pafupi ndi chitseko, pamene bulangete linasiya kampata, akudzandira, kukamwa kuli yasa.

Ndinawatulutsa amoyowo n'kuwaika padzuwa mu beseni. Enawo ndinawatola mmodzimmodzi kuika mu thumba la chakudya chawo chomwe. Anali opepuka kwambiri, ena akadali ofunda. Akufawo sindinawawerenge. Koyamba m'moyo wanga ndinaona chinthu chowerengeka n'kukana kuchiwerenga. Ndinawerenga amoyo okha, ndipo analipo 13.

Mayi Mbewe anandibwereka khasu. Anaima pambali pamene ndinkakumba kuseri kwa bafa, ndipo ukali wa dzulo lake unali utawathera.

"Mbaula saitsekera m'nyumba, aphunzitsi," anatero motsitsa mawu. "Mukanagona momwemo, bwenzi pano tikuyala masamba pamsewu."

Kunena zoona, tsiku limenelo sindinaone ngati akundiopseza.

Loweruka lonse ndinakhala pakhonde ndi beseni langa, kulisuntha kutsatira dzuwa. Dzuwa litangolowa ndinali kale pa kontena. A Gama anafika atavala jekete la kutchalitchi, baibulo lili m'khwapa. Sanafunse kanthu, nkhani inali itawapeza kale. Anayatsa foni, kung'amba kachidutswa ka katoni, kulemba mosamala n'kundipatsa ndi manja awiri.

Gulu lachitatu linali 8467. Ine ndinanyamula 8647. Nyimbo ya pa maliro ija inalowa m'mutu mwanga n'kutembenuza 46 kukhala 64, ndipo ndinagawa mpaka 89 nambala yosakhala yanga. Pobwerera ndinaiyesa yeniyeniyo, chifukwa sindikanatha kudziletsa. Nayonso ndi pulayimu. Onse awiri ndi mapulayimu, onse awiri ukaphatikiza manambala awo amakwana 25. Chikhala ndinasunga chotsala chake pogawa ndi 11, ndikanagwira vutoli, pakuti mayeso a 11 amaona pamene manambala oyandikana asinthana malo. (Mwaona? Ndi mmene mutu wanga unkaganizira, thumba la anapiye lili m'dothi. Matenda aja ndi enieni.)

Mayi Mbewe analowetsa okha nambala ija, kamodzi, ndi chala chimodzi. Puloti yonse inawala. Mababu awiri aja anayaka pamwamba pa utuchi wopanda kanthu.

Lamulungu masana mayi a Tadala anafika atasenza kathumba ka mbatata ya kachewere. Sanalowe m'nyumba. Anatula katundu pakhonde n'kulunjika ku kachipinda kaja, akuitana anapiye awo ndi milomo monga ankachitira. Ndinawatsatira chapatali. Anatsegula chitseko, anaima, anakhalitsa.

"Bambo a Tadala."

"Amayi."

"Magetsi anatha?"

Ndinafotokoza zonse, kuyambira kwa a Gama mpaka ku bulangete. Sindinabise kanthu. Anamvetsera osandiyang'ana.

"Atsala angati?"

"Satini."

Ndipo pakamwa panga, Mulungu andikhululukire, panapitiriza pokha, chapansipansi: "Pulayimu."

Anandiyang'ana. Ndinkayembekeza kuti akuwa, kapena andigenda ndi mbatata, ndipo zikanakhala bwino akanatero. Anangokhala pansi pa khomo la kachipindako, kuvula duku n'kuliika pamwendo.

"Makina a bambo anga aja," anatero.

Anapiye 13 aja anakula, chifukwa mayi a Tadala sanandilolenso kuwayandikira. Tsiku la chiliza tinakwera nawo minibasi ya ku Ntcheu ali m'makatoni awiri. Kumudzi kunadzaza anthu, achibale ochokera ku Blantyre, a kumpingo, a m'midzi yoyandikana. Nkhuku zathu zinangokwana abusa, mafumu ndi akuluakulu ochepa. A Lufeyo ataona makatoni aja anaitana anthu awo a pa lole, kuwatuma akagule mbuzi ziwiri, akulankhula mokweza kuti ndi amene ali kumanda omwe amve.

Nthawi ya chakudya anabwera pamene tinakhala, chotokosera mano chili pakamwa.

"Mlongo, nkhuku handiredi zija zili m'mbale iti? Ndikufuna ndilaweko."

Anthu anasiya kudya. Ndinaika mbale pansi n'kuyamba kudzuka, chifukwa ndinali nditakonzeka m'njira monse kuti ndinena kuti wolakwa ndine. Mayi a Tadala anandigwira bondo n'kundibweza pansi mwamphamvu.

"Chitopa, achimwene," anatero. "Chinalowa dera lonse la kwathu. Bambo a Tadala anayesetsa, kugona osagona, koma zinakanika."

"Ndinakuuza ine," anatero a Lufeyo. "Zinthu zimenezi zimafuna anthu oti ali ndi kenakake. Ulendo wina uzimva."

"Ndamva, achimwene."

Mkazi wanga, amene samanama ngakhale kwa kondakitala, ananama pa tsiku la chiliza cha bambo ake, n'kuweramitsa mutu pamaso pa mchimwene wake, kuti ine ndisasekedwe kwa apongozi. Ndinadya mbuzi ya a Lufeyo. Manyazi ngati amenewo sindinawamvepo chibadwire.

Pobwerera tinakhala mpando wa kumbuyo, makatoni opanda kanthu ali pamiyendo pathu. Titadutsa Dedza mayi a Tadala anatembenukira kwa ine.

"Nambala ija mukuikumbukabe?"

"Eya."

"Tatchulani."

Ndinatchula, gulu ndi gulu, onse asanu, 46 ali pamalo pake.

"Mwakhoza," anatero, n'kutembenukira kuwindo.

Mpaka lero nambala ija ndimaidziwa. Mutandidzutsa kutulo nditha kuitchula chakutsogolo ndi chakumbuyo osaphonya, kungoti nambala ya mayunitsi imalowa mu mita kamodzi kokha. Kachipinda kaja tinabwezeramo makala. Ikafika sabata yathu yogula, mayi a Tadala amapita okha kwa a Gama, cholembera chili m'chikwama, ndipo akabwera amadutsa pamene ndakhala kupita kwa mayi Mbewe, kapepala atakafumbata m'manja kuti ndisakaone.